Galu Akadya Chamba

Tsiku lina m'chilimwe, ndili pa ulendo woyendera zitsime ndi zimbudzi m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, ndidapeza anthu atasonkhana kuseri kwa nkhokwe. Amuna adali atanyamula zibonga ndi miyala, pamene amai adali atakokera ana awo patali. Pakati pawo padaima galu wofiira, miyendo atatang'adza, mutu atazyolika, thupi lonse likupendekera uku ndi uku ngati bango la m'madzi. Dovu linkatuluka m'kamwa mwake ndipo mkodzo unkangodontha wokha. Onse adali atagwirizana kale kuti galuyo ndi wachiŵeŵe, chotsala kudali kumupha basi.

Ndidafunsa ngati adaluma munthu. Adati iyai. Ndidafunsa za katemera, ndipo mwini wake adaloŵa m'nyumba nkubwera ndi kapepala kosonyeza kuti galuyo adabaidwa chaka chomwecho. M'maŵa wa tsikulo adaperekeza ana kudambo ali bwinobwino, zachilendozo zidayamba dzuŵa lili pamutu. Pamenepo ndidapempha amfumu kuti galuyo am'tsekere m'khola la mbuzi lopanda kanthu, ndipo munthu aliyense asamukhudze. Madzulo, ndikumanga katundu panjinga, kudafika mnyamata wina, mphwake wa mwini galuyo, nkundinong'oneza kuti, "Bambo, ndikuuzeni zoona, koma amalume asamve. Ndidasakaniza fodya wamkulu mu nsima yake kuti akhale wolusa. Akuba atimalizira nkhuku." Pofika tsiku lachitatu galu uja adali akudya mkute, mchira uli pukupuku.

Anthu a m'mudzi uja sadalakwe kuchita mantha, ndipo mfundo imeneyi tiibwereranso. Koma kuyambira tsikulo ndakhala ndikuona kuti nkhani ya galu ndi chamba si ya alangizi a ziŵeto okha. Imakhudza chimbudzi chathu, imakhudza ana athu amene amaseŵera pabwalo pomwe galu amatola zakudya, ndiponso imakhudza matenda oopsa a chiŵeŵe.

Chimene chimachitika m'thupi mwa galu

Mphamvu yoledzeretsa ya chamba ili mu utomoni umene umapezeka kwambiri pa maluŵa a mtengo waukazi. Mu utomonimo muli mankhwala otchedwa THC, amene akatswiri aŵiri a ku Israel, Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni, adaŵapatula ndi kufotokoza mpangidwe wake m'chaka cha 1964. Mu ubongo wa munthu ndi wa nyama muli timalo ting'onoting'ono totchedwa CB1, timene THC amaloŵamo monga kiyi aloŵera m'loko. Akaloŵa, mauthenga a m'mitsempha amayamba kuyenda mosokonekera. Galu ali ndi timalo totere tambiri zedi m'chigawo cha kunkhongo cha ubongo, chimene ntchito yake ndi kusunga thupi kuti liime chilili ndi kuyendetsa miyendo mogwirizana. Nchifukwa chake chizindikiro choyamba mwa galu chimakhala kudzandira. Zimenezi zidadziŵika kalekale, kotero kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 opanga mankhwala ku America ankayesa ukali wa chamba pochimwetsa agalu ndi kuona mmene akudzandirira.

Pali zinthu ziŵiri za THC zimene munthu woŵeta galu ayenera kuzimvetsa. Choyamba nchakuti sasungunuka m'madzi koma m'mafuta. Akaloŵa m'magazi amakabisala m'mafuta a m'thupi, namatuluka pang'onopang'ono. Chiŵindi chimamusandutsa mankhwala ena amene nawonso amaledzeretsa, kenaka chimaŵataya kudzera mu ndulu kupita m'matumbo, koma matumbowo amayamwanso gawo lina kulibwezera m'magazi. Kuzungulira kumeneku ndiko kumachititsa kuti galu akhale woledzera tsiku lathunthu, mwina masiku aŵiri kapena atatu, pomwe munthu wosuta amatsitsimuka patapita maola ochepa. Chachiŵiri nchakuti moto umadzutsa mphamvu ya chamba. Tsamba laliŵisi la m'munda lili ndi mphamvu yochepa, chouma chimaposa pamenepo, koma chokazingidwa m'mafuta kapena chophikidwa m'makeke, m'zitumbuwa ndi m'zigumu ndicho choopsa kuposa zonse.

Tisaiŵalenso msinkhu. Galu wa m'mudzi amalemera mwina makilogalamu 12 kapena 15, kamwana ka galu 2 kapena 3. Chimene chingangopepusa mutu wa mwamuna wa makilogalamu 60 chingathe kugwetsa kagalu chigonere.

Njira zimene chamba chimafikira galu

Njira yoyamba ndi yomwe adatsata mnyamata uja. Alenje ena ndi eni nyumba ena amakhulupirira kuti chamba chimapatsa galu ukali ndi liŵiro. Ena amasakaniza m'chakudya, ena amam'pemerera utsi m'mphuno. Ine ndinene mosabisa kuti kumeneku nkudzinamiza. Galu woledzera sathamanga, sanunkhiza bwino, ndipo usiku umene mukuyembekeza kuti auwe akuba ndi umene iye ali gone, osadziŵa kumene kwaloŵera dzuŵa. Chimene anthu amachiyesa ukali ndi mantha. Chamba chimachititsa galu kudzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, ndipo galu wamantha akaluma sasankha wakuba, amaluma amene ali pafupi, amene kaŵirikaŵiri amakhala mwana wa pakhomo pomwepo.

Galu amathanso kudzitolera yekha. Amatola zotsala za ndudu pabwalo la masitolo kapena pamalo omwera moŵa, amafukula chimene wina adakwirira kudzala pobisa, amaba chakudya chimene chaphikidwa ndi chamba. Kumaiko kumene malamulo adafeŵetsedwa, njira imeneyi ndiyo yakula. Ku Colorado, m'dziko la America, madokotala a zipatala ziŵiri za ziŵeto adaŵerenga agalu 125 amene adadwala ndi chamba pakati pa 2005 ndi 2010, ndipo adapeza kuti chiŵerengero chidakwera kanai m'zaka zimenezo, mogwirizana ndi kuchuluka kwa anthu ololedwa kugula chamba chamankhwala. Agalu aŵiri mwa ameneŵa adafa, ndipo onse aŵiri adadya zophikidwa ndi batala wa chamba. Madokotala a ku Canada nawonso adaona agalu otere akuchuluka dzikolo litaloleza chamba mu Okutobala 2018.

Koma njira imene ine, monga woyang'anira za ukhondo, ndifuna muiganizire mofatsa ndi yachitatu, ngakhale ili yochititsa manyazi kuitchula. Munthu amene wasuta kapena kudya chamba amataya gawo lalikulu la mankhwalawo kudzera m'chimbudzi chake, ndipo ena mwa iwo amatuluka akadali ndi mphamvu. Tonse tikudziŵa chimene galu amachita akapeza pamene munthu wadzithandiza patchire. M'chaka cha 2021 madokotala a ziŵeto a mumzinda wa Melbourne ku Australia adafotokoza za agalu 15 amene adafika nawo kuchipatala ali ndi zizindikiro za chamba atadya chimbudzi cha anthu m'mapaki, m'mphepete mwa nyanja ndi m'tinjira toyendamo anthu. Ngati zotere zikuchitika mumzinda wokhala ndi zimbudzi zamadzi, nanga kuli bwanji m'mudzi momwe nyumba zina zilibe ngakhale chimbudzi chokumba? Motero mwini galu angathe kulumbira kuti pakhomo pake sipadafikepo chamba, ndipo nkukhala akunena zoona, pamene galu wake wachitenga kuseri kwa chulu. Galu yemweyo akabwerako amadzanyambita mbale zimene zasiyidwa pansi ndi manja a mwana wokwaŵa. Chamba sichingam'fike mwanayo mwa njira imeneyi, koma tizilombo ta matenda otsekula m'mimba tingathe kumufika.

Zizindikiro

Ngati galu wapuma utsi, zizindikiro zimayamba pa mphindi zoŵerengeka. Ngati wadya, zimayamba pakapita theka la ola kufikira maola aŵiri kapena atatu. Amayenda modzandira, miyendo ikupingasana. Akaima amasinza chiimire, nkuyamba kugwa pang'onopang'ono, kenaka nkudzidzimuka ndi kudziwongola asanafike pansi. Mukaomba m'manja kapena kusuntha dzanja pafupi ndi nkhope yake amanjanja mopitirira muyeso. Kamwana ka m'diso kamakula, maso nkumaoneka ngati galasi. Ena amasanza, ena amatuluka dovu, ena amalira motsitsa popanda chifukwa.

Chizindikiro chimene madokotala a ziŵeto amachidalira kwambiri ndi mkodzo wodontha wokha, galu akuyenda kapena ali chigonere. Ndi ziphe zochepa zimene zimachita zotere pamodzi ndi kudzandira ndi kudzidzimuka.

Akadya chambiri, mtima umagunda mochedwa ndipo thupi limazizira. Kutentha kwa galu wabwino kumakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39, koma woledzera chamba amatsika pansi pa pamenepo, makamaka usiku wa mu Juni ndi Julayi. Ena amanjenjemera, oŵerengeka amagwa ngati akhunyu kapena kukomoka kumene. Agalu ambiri amachira okha. Amene amafa, kaŵirikaŵiri chimaŵapha ndi masanzi oloŵa m'mapapo, kuzizidwa, kugwera m'chitsime kapena pamoto, kugundidwa ndi galimoto, kapenanso chibonga cha anthu amantha.

Chamba, chiŵeŵe kapena tameki?

Apa ndipo pagona nkhani. Galu wachiŵeŵe nayenso amatuluka dovu, amadzandira ndipo amasintha khalidwe. Ambiri timadziŵa chiŵeŵe cholusa, cha galu woyendayenda ndi kuluma mitengo, miyala ndi anthu. Koma chilipo china chofatsa, chimene galu amangofooka, chibwano nkugwa, nalephera kumeza, miyendo yakumbuyo nkuyamba kufa. Mtundu umenewu ndi wosavuta kuusokoneza ndi kuledzera, ndipo wapweteketsa anthu amene adapisa dzanja m'kamwa mwa galu poyesa kuti watsamwa ndi fupa.

Kusiyana kwake kwenikweni kuli pa mayendedwe a matendawo. Chamba chimayamba mwadzidzidzi mwa galu amene m'maŵa adali wabwino, chimafika pachimake tsiku lomwelo, ndipo maŵa lake galu amayamba kupezako bwino. Amatha kumeza, ndipo akadzuka amam'zindikira mbuye wake. Chiŵeŵe chimayamba pang'onopang'ono, tsiku lililonse chimaipiraipira, sichibwerera m'mbuyo, ndipo galu amafa masiku 10 asanathe. Tsono taonani vuto lake: kusiyana kumeneku kumaoneka pakapita masiku, pomwe pa tsiku loyamba ngakhale dokotala angathe kukayika.

Kulakwitsa kungachitike mbali ziŵiri, koma sikulingana kulemera kwake. Mukayesa galu wa chamba kuti ndi wachiŵeŵe, mwataya galu. Mukayesa galu wachiŵeŵe kuti wangoledzera, mungataye mwana. Bungwe la World Health Organization limati chiŵeŵe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pa anthu 10 alionse olumidwa ndi nyama zokayikitsa, 4 amakhala ana osafika zaka 15. Munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro, mankhwala ake palibe. Kuno kwathu, imfa za ana pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndizo zidachititsa kuti bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi Boma, liyambe katemera wa agalu mumzindawo mu 2015, pamene agalu oposa 35,000 adabaidwa m'masiku 20.

Choncho lamulo langa ndi ili. Galu aliyense wodzandira ndi wotuluka dovu tim'tenge ngati wachiŵeŵe kufikira titatsimikiza kuti si choncho. Atsekeredwe kapena amangidwe pa yekha, ana asam'yandikire, ndipo alangizi a ziŵeto auzidwe tsiku lomwelo. Ngati waluma munthu, kum'kanda, kapena kunyambita pabala, tsukani pamalopo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti muone ngati galuyo achire, ndipo musamvere wina wonena kuti, "Ameneyu wangodya chamba." Galu woluma amayang'aniridwa masiku 10. Akakhala wamoyo ndi wathanzi pamapeto pa masikuwo, ndiye kuti sadapatsire chiŵeŵe pa nthaŵi imene adaluma, ndipo achipatala ndiwo adzanene chochita ndi katemera wotsala. Ichi ndi chifukwa chinanso chosathamangira kupha galu amene mwatha kum'tsekera bwinobwino. Mukamupha ndi kum'kwirira, mwakwirira umboni.

Chiphe china chofala m'midzi ndi m'misika ndi Temik, amene ambiri timati tameki, pamodzi ndi mankhwala ena opopera mbewu. Kumeneku kusiyanitsa nkosavuta. Kamwana ka m'diso kamachepa ngati nsonga ya singano m'malo mokula, dovu limachita thovu, galu amatsekula m'mimba, minofu imaphiriphitha, ndipo imfa ingabwere ola lisanathe. Ameneyu sadikira maŵa. Galu amene wamwa masese kapena matsukwi a kachasu amadzandiranso, koma fungo la m'kamwa limam'gwiritsa.

Kusamala galu amene wadya chamba

Zimene ndikulemba apazi nza galu wanu, wobaidwa katemera, amene mwamuona kapena mwatsimikiza kuti wadya chamba. Mankhwala ofafaniza THC m'thupi kulibe. Ntchito yathu ndi kusunga galuyo wamoyo kufikira thupi lake litachotsa lokha chiphecho.

Mgonekeni m'nyumba kapena m'khola louma, mopanda phokoso ndi mwamdima pang'ono, kutali ndi moto, chitsime ndi mseu. Muyalireni chiguduli ndi kum'funditsa china ngati kukuzizira. Agone cham'mbali, mutu utatsikirako pang'ono, kuti akasanza masanzi atuluke kunja, ndipo mum'tembenuze pakapita maola angapo. Madzi muŵaike pafupi m'mbale yosazama kuti amwe yekha akadzuka. Pom'gwira kulungani manja ndi nsalu yokhuthala, muyandikire pang'onopang'ono mukumuitana dzina, chifukwa ngakhale galu wofatsa amaluma akadzidzimuka. Mukatha sambani m'manja ndi sopo.

Zoti musachite ndizo zofunika koposa, popeza ndi zimene timathamangira. Kwathu kuno chiŵeto chikadya chiphe timachimwetsa mkaka, mafuta ophikira kapena mazira aaŵisi. Pa chamba zimenezi zimaonjezera moto, pakuti mafuta ndiwo amathandiza THC kuloŵa m'magazi. Musam'tsanulire kanthu kalikonse kukhosi galu amene akusinza, chifukwa zimapita m'mapapo nkuyambitsa chibayo. Musam'sanzitse ndi mchere kapena sopo. Mchere wambiri ndi chiphe pa wokha. Makala a pamoto osinja sali chimodzimodzi ndi makala a mankhwala amene madokotala amagwiritsa ntchito. Ndiponso musam'thire madzi ozizira kuti atsitsimuke monga ena amachitira ndi munthu woledzera, pakuti thupi lake lazizira kale.

Ngati galu sakudzuka ngakhale mum'gwedeze, ngati akugwa ngati wakhunyu, ngati akupuma movutika, ngati ndi kamwana kapena wokalamba, kapena ngati tsiku lapita osasintha, funani alangizi a ziŵeto ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu. Okhala pafupi ndi mizinda angapite ku zipatala za ziŵeto, monga za LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre. Dokotala angathe kum'sanzitsa mosamala ngati wafika msanga asanayambe kusinza, kum'patsa makala a mankhwala omanga chiphe m'matumbo, kumuika diripi ndi kum'tenthetsa. Koma zonsezi zimayenda msanga ngati mwini galu anena zoona. Zipangizo zoyezera chamba mu mkodzo wa anthu sizidalirika pa agalu, kotero mau anu ndiwo kuyeza kwake. Ndikudziŵa chimene chimatseka anthu pakamwa. Lamulo la Cannabis Regulation Act la 2020 lidaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso, koma kusuta ndi kusunga chamba wamba ukadali mlandu m'Malaŵi. Komabe amene wabwera kudzaona galu wodwala akufuna kudziŵa chimene chaloŵa m'mimba mwake, kuchuluka kwake ndi nthaŵi yake. Mnyamata wa m'mudzi uja akadalankhula masana, anthu sakadagona ndi mantha, ndipo ine sindikadapalasa njinga kaŵiri kubwerera kumudziko.

Mwana nayenso

Chimene galu watola pabwalo, mwana wa zaka ziŵiri angatolenso, ndipo thupi lake nlochepa chimodzimodzi. Ku America, ana osafika zaka 6 amene adadya zakudya za chamba mwangozi adali 207 mu 2017, koma pofika 2021 adakwana 3,054. Mwana wotere amagona tulo tosadzutsika, thupi limalefuka, akaima amagwa, ndipo ena amapuma mochedwa moti amafunika mpweya wa kuchipatala. Amai ambiri amayamba aganiza za malungo a mu ubongo, ndipo nkoyenera kutero, popeza zizindikiro zimafanana. Mwana wotere musam'mwetse kanthu, musam'siye kuti tulo tithe tokha. Mgonekeni cham'mbali ndipo thamangani naye kuchipatala. Ngati m'nyumbamo muli chamba, kapena ngati galu wa pakhomopo akudzandira tsiku lomwelo, auzeni adokotala mukangoloŵa, musadikire kuti akufunseni. Iwo adzayezabe malungo ndi shuga wa m'magazi, koma adzadziŵa kumene angayang'ane.

M'mudzi uja tidakhala pansi ndi amfumu ndi nduna zawo sabata yotsatira. Titaŵerenga, tidapeza kuti nyumba zingapo za kumalire kwa mudzi zidalibe zimbudzi, ndipo agalu ambiri adalibe mapepala a katemera. Adagwirizana kuti zimbudzi zikumbidwe mvula isanagwe, chilichonse chikhale ndi chivundikiro pabowo ndi chitseko choti galu asaloŵe, zinyalala zizitayidwa m'dzenje, ndipo mbale ziziyanikidwa pathandala. Mapepala a katemera adati azisungidwa pamodzi ndi mabuku a kusikelo a ana, kuti tsiku lina galu akadzadzandira pabwalo, pasadzakhale kufunafuna m'madengu.